Mndandanda wa Abambo a ku Mlolo

Ntchito ya makompyuta ndinaiyambira m'kashopu kojambula mapepala pafupi ndi msika wa pa boma la Chikwawa. Ndinkalembera anthu makalata ofunsira ntchito, ndipo ena mwa iwo ankalembedwadi ntchito, ine n'kutsala pomwepo ndikumenyana ndi pulinta yotafuna mapepala. Kukakhala kopanda makasitomala ndinkaphunzira pa foni mmene amayendetsera mapulogalamu a m'maofesi. Mayeso ndinakalembera ku Blantyre, ndipo satifiketi itabwera ndinapita nayo kwathu ku Nsanje kuti amayi anga aione. Amayi amagulitsa nsomba zouma. Anapukuta manja pa chitenje, anaigwira m'mbali mwenimweni kuti isanunkhe mlamba, n'kundifunsa za ntchito yanga m'chiyankhulo cha kwathu kuti, "Tsono basa lako ndi ninji kwenikweni?" Ndinafotokoza mpaka kummero kunauma. Iwo anangoti, "Pyadidi," kutanthauza kuti zili bwino, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti sanatolepo kanthu.

Patapita miyezi ingapo ndinalembedwa ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi m'chigwa muno. Ofesi yathu inali pa boma la Chikwawa pomwepo, likulu lili ku Blantyre. A kulikulu anali atangobweretsa pulogalamu yogwirira ntchito pamodzi, yomwe tonse tinkangoitchula kuti sisitimu. Mmenemo munali mafayilo a bungwe lonse, malo ochezerana za ntchito ndi kalendala ya misonkhano. Chokoma chake chinali chakuti anthu khumi akanatha kulemba mu fayilo imodzi, wina ali ku Tengani, wina kutsidya kwa Shire, popanda kutumizirana mapepala pa minibasi. Ine ndiye ndinali woiyang'anira.

Tsiku loyamba bwana wathu, mayi wosakonda kuzungulira nkhani, anandiuza zoona. Sisitimuyo inali yongoyesa. A kulikulu adzabwera ikatha nyengo yogawa mbewu za kudimba kudzaona ngati alangizi akuigwiritsadi ntchito. Akapeza kuti ayi, aichotsa, ndipo mpando wanga upita nayo limodzi. Ndinatuluka mu ofesimo ndikumwetulira, koma m'mutu mwanga ndinkaona pulinta ija ikundidikira.

Ngakhale zinali choncho, masabata oyambawo ndinasangalala kwambiri, ndipo sindibisa. Ndinkafika m'mawa dzuwa lisanayambe ukali wake, n'kutsegula laputopu ngati munthu wotsegula nyumba yake yatsopano. Ndinkapanga maakaunti, kukonza mafoda, kusankha woona izi ndi wolemba apo. Ine amene ndinkatumidwa kukagula inki tsopano ndinali ndi makiyi a chilichonse. Munthu wamkulu wa imvi zake ankabwera pa tebulo langa chipewa chili m'manja, akuti pasiwedi yamuthawa. Wina anailemba mkati mwa chisoti cha njinga yamoto, ndiye thukuta la kuno linaifufuta lisanakwane Lachitatu. Ndinkawakalipira, iwo n'kumaseka, mawa lake n'kubweranso ndi masau m'thumba kuti ndisakalipe kwambiri. Tsiku limene mlangizi wina anatumiza chithunzi cha munda wa mapira ali komweko kumunda, icho n'kutulukira pa sikirini yanga nthawi yomweyo, ndinaimirira n'kuvina pang'ono ndekha. Mlonda anandiona pa windo, ndipo mpaka lero amandiseka.

Chaka chimenecho madzi anasefukira monga amachitira kawirikawiri, ndipo atayamba kubwerera panafunika mndandanda wa mabanja oti alandire mbewu zodzala m'madimba. Woyambitsa mndandandawo anali mkulu wa alangizi onse, amene tinkawatchula kuti abambo a ku Mlolo, poti kumeneko ndi kumene ankakhala ndi kugwirira ntchito. Anali atayenda m'midzi ya m'chigwa zaka zambiri, ndipo pafupifupi mlangizi aliyense pa bungwepo anaphunzira ntchito kumbuyo kwa njinga yawo. Makompyuta sankawaopa. Ankalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Analemba maina amene anali nawo m'kope lawo, ine n'kuika fayiloyo poti aliyense aione. Ndinauza alangizi onse kuti aliyense akonze mbali ya dera lake momwemo: wosamuka amuchotse, wotsala amuonjezere.

Sisitimuyo imasunga mbiri ya fayilo iliyonse, kuonetsa amene wasintha kanthu ndi nthawi yake. Mbali imeneyi ndinkainyadira kuposa zonse, ndipo pophunzitsa ndinkaionetsa mobwerezabwereza. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkatsegula mbiri ya mndandanda uja kuti ndione maina a anzanga. Sabata yoyamba munali dzina limodzi lokha, la abambo a ku Mlolo. Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Koma foda imene munali mndandandawo inkanenepa tsiku ndi tsiku. Munabadwa "Mndandanda wa abambo wokonza," kenako "Wokonzanso," kenako "Weniweni," kenako "Weniweni wa Lachinayi." Mlangizi aliyense ankakopera fayilo ya abambo aja, kukonza kope lakelo, n'kuliika pambali mwakachetechete. Fayilo yeniyeniyo inangokhala osakhudzidwa ngakhale chilembo chimodzi.

Ndinapsa mtima. Ine mtima wanga suchedwa, ndinatengera amayi. Makopewo ankatsutsana okhaokha, ndipo panalibe wodziwa kuti loona ndi liti. Izi ndi zomwe sisitimuyo inabwera kudzathetsa, ndiye a kulikulu akanati aone fodayo akanangotseka laputopu n'kukwera galimoto. Ndinaitanitsa maphunziro ena. Ndinaima kutsogolo, thukuta lili kamukamu, n'kufotokozanso kuti fayilo ndi imodzi, ndi ya tonse, palibe chifukwa chokopera. Onse anagwedeza mitu. Ndinafunsa ngati pali funso, panalibe. Mawa lake ndinapeza makope ena awiri, limodzi lotchedwa "Lomaliza, pepani."

Amene ananditsegula maso anali mlangizi wa ku Tengani, mayi wa ana atatu, wamkulu kwa ine pang'ono, amene tinkagwirizana chifukwa tonse timakonda kuseka anthu. Tsiku lina masana tinakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa ofesi tikudya mbatata yootcha. Ndinayamba kudandaula kuti alangizi athu ndi ouma mitu.

"Ouma mitu ndani?" anandifunsa. "Ine ndinamva tsiku loyamba lomwe. Batani lililonse ndikulidziwa."

"Nanga bwanji simukukonza mu fayilo muja?"

"Iwe, fayilo ija analemba ndani?"

"Abambo a ku Mlolo."

"Eya. Abambo amene aja anandiphunzitsa kuyeza munda. Mwana wanga woyamba atadwala, anamunyamula pa njinga yawo mpaka kuchipatala. Tsono iwe ukuti ndifufute zimene alemba ndi dzanja lawo, ndilembepo zanga pamwamba, kenako makina ako aja alengeze kwa anthu onse kuti wafufuta ndi uje, nthawi yakuti. Nkhabe, m'bale wanga. Ine ndinaleredwa."

Ndinasiya kutafuna. Chinthu chimene ndinkachionetsa monyadira pa maphunziro aliwonse ndi chomwe chinkawamanga manja. Ndikamanena kuti onani, dzina lanu lizioneka, iwo ankamva kuti mwano wanu uzioneka. Ndipo ine ndinakulira m'chigwa momwemu. Ndikudziwa kuti wamkulu akalakwitsa pagulu sumudzudzula pomwepo, umadikira, umapita pambali, umayamba ndi moni. Ndinali nditaziiwala chifukwa mabuku amene ndinaphunziramo sanazitchule.

"Nanga zolakwika zilimo zambiri?" ndinamufunsa.

"Zilimo. Ena anasamukira kumtunda madzi atawathamangitsa. Wina anamwalira chaka chatha. Mudzi wina unagawikana pawiri. Si kulakwa kwawo, munthu mmodzi sangadziwe chigwa chonse. Koma iwo akuona ngati zonse zili bwino, poti palibe wakonzapo."

Loweruka ndinapita kwathu ku Nsanje mutu uli wolemera. Masiku oti alendo a kulikulu abwere anali atayandikira, ndipo ndinalibe nzeru ina. Kufufuta makope onse ndikanatha, mphamvuzo ndinali nazo, koma akanangobadwanso. Kubisa maina mu mbiri ya fayilo sindikanaloledwa. Lamulungu masana ndinakhala pakhonde ndikuthandiza amayi kusankha nsomba. Pakhomo pathu palibe mpanda, bwalo lathu ndi la aneba linangolumikizana. Koma mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene amabwera kwathu mwina kanayi pa tsiku, anafika pamene iye amaona kuti bwalo lathu layambira, n'kuima. Ankationa, ifenso tinkamuona. Anati, "Odi kuno." Amayi anati, "Fikani." Pamenepo m'pamene anasuntha phazi. Anabwera kudzanena kuti amayi ayanika nsomba poti mbuzi zifikira, ndipo amayi anathokoza n'kukazisuntha.

Ndinaimirira msangamsanga mpaka dengu linagwa. Amayi anandikalipira, koma sindinamve n'komwe. Mu sisitimu muja muli njira imene ndinkaidumpha pophunzitsa chifukwa ndinkaiona ngati yochedwetsa ntchito. Munthu safufuta kanthu. Amangolemba pambali zimene akuganiza kuti zisinthe, mwini fayilo n'kuvomera kapena kukana. Akavomera, mawu amasintha okha.

Lolemba ndinaisintha fayilo ija kuti iziyenda choncho, ndipo sindinaitanitse maphunziro. Ndinangoyendera aliyense payekha, ena pa foni. Ndinkati, "Simukufufuta kanthu. Mukungoodira. Abambo akati fikani, m'pamene zisinthe." Mnzanga wa ku Tengani anati, "Apa ndiye wayankhula ngati munthu."

Lisanalowe dzuwa tsiku lomwelo, m'mbali mwa mndandanda muja munadzaza. Ndinakhala ndikuwerenga, misozi ikutuluka ndi kuseka. Panalibe amene anangolemba kuti chotsani dzina ili. Aliyense ankayamba ndi moni wathunthu. "Mwaswera bwanji bambo, kunyumba ali bwanji, kuno tili bwino kaya inu. Pepani kukuvutitsani, banja ili linasamukira kumtunda, koma ngati ndalakwitsa mundikhululukire." Wina analemba mizere isanu kuti asinthe chilembo chimodzi pa dzina la mudzi. Koma zinkayenda. Ndinkaona zopemphazo zikuvomerezedwa chimodzichimodzi, mndandanda ukuwongoka ndikuona ndi maso anga. Sabata imeneyo sipanabadwe kope latsopano ngakhale limodzi, ndipo ine ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Lachinayi chakumasana njinga yamoto inaima pakhomo pa ofesi. Anali abambo a ku Mlolo, fumbi mpaka m'nsidze. Sanapite kwa bwana. Analunjika pa tebulo langa n'kuika foni yawo patsogolo panga.

"Mwanawe, chinthu ichi wachichita chiyani? Chikungolira ngati mwanapiye wotayika."

Ndinawapatsa mpando ndi madzi. Anamwa, n'kupitiriza.

"Kwathu kuja netiweki imagwira pa chulu chimodzi, kuseri kwa sukulu. Kuyambira Lolemba ndakwera chulu chimenecho kuposa mbuzi. Ndikangotsika, chalira. Ndikwere, ndipeza munthu akundifunsa za kunyumba. Ana a sukulu ayamba kundiwombera m'manja ndikafika pamwamba."

Alangizi angapo anali mu ofesi tsikulo, ndipo ndinamva wina akudziletsa kuseka mpaka kutsamwa. Inenso ndinalephera kudzigwira. Abambo aja anaseka nafe, koma kenako nkhope yawo inasintha. Anatembenuka n'kuyang'ana alangiziwo mmodzimmodzi.

"Koma chandibweretsa si chulu. Zimene mwanditumizirazi ndaziwerenga zonse, ndipo zonse n'zoona. Ndiye kuti masabata awiri onse aja mumadziwa kuti mndandanda wanga uli ndi munthu wakufa, inu muli chete? Mbewu zikanapita kumanda, amoyo n'kutsala manja lende, dzina lolemba lili langa. Ulemu umenewo ndi wotani?"

Ine ndinawamvera chisoni onse, abambowo ndi anawo, chifukwa aliyense ankafuna kuchita zabwino. Kenako abambo aja anaitana mnzanga wa ku Tengani kuti abwere ndi laputopu yake. Anandiuza kuti ndichotse zoodirazo, fayilo ibwerere mmene inalili poyamba. Ndinachotsa. Analoza dzina la mudzi wina wa ku Tengani limene linali lisanakonzedwe.

"Apa ndinalakwitsa. Konza."

"Bambo, ndingokuuzani, inu mukonze."

"Konza iwe, ine ndikuona. Dzina lako lioneke."

Mayi amene saopa ng'ombe yolusa kapena mfumu yokwiya anakokera laputopu pafupi pang'onopang'ono. Anafufuta chilembo chimodzichimodzi ngati akuchotsa minga m'phazi la mwana. Analemba dzina loyenera, n'kubweza manja pachifuwa. Abambo aja anawerama, anawerenga, n'kuthokoza m'chiyankhulo cha kwathu kuti, "Takhuta." Kenako anauza onse kuti, "Mwaona? Sindinafe. Moni muzindipatsa tikakumana, ndimaufuna. Koma umu muzingolowa, ndi m'munda mwa tonse. Maondo anga atopa."

Sindinganame kuti onse anasintha tsiku lomwelo. Ena anapitiriza kuimba foni kaye asanakhudze kanthu, ndipo mmodzi ankakonza kenako n'kutumiza uthenga wopepesa. Koma mbiri ya fayilo ija inayamba kudzaza maina, ndipo mbewu zinapita kwa anthu amoyo, m'midzi imene analikodi. Makope akale aja ndinawasonkhanitsa mu foda ina, sindinawafufute, chifukwa ndinayamba kuwakonda.

Mlendo wa kulikulu anabwera yekha, mayi wa magalasi, wooneka kuti kutentha kwathu kwamufoola asanatsike n'komwe m'galimoto. Tinasonkhana tonse m'chipinda cha misonkhano, laputopu yanga italumikizidwa ku pulojekita kuti zonse zizioneka pakhoma. Ndinamuonetsa mndandanda uja ndi mbiri yake. Anayang'ana, osaonetsa kukondwa kapena kukhumudwa.

"Izi ndaziona," anatero. "Koma mndandanda unali wokakamiza, mbewu zinkadikira. Maofesi ena amachita chonchi woyang'anira akawaima pamsana, akachoka amabwerera ku mapepala. Pali china chimene amachita okha, inu osawatuma?"

Ndinaganiza zoti ndimusonyeze kabuku ka malangizo kamene ndinalemba ndekha, kofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka sisitimu, kuti aone kuti ngakhale alangizi atakhala aulesi, ine ndine wakhama. Kabukuko ndinakalemba masabata atatu, ndipo ndinkakanyadira ngati mwana wanga. Ndinakatsegula.

Tsamba loyamba linali lachilendo. Ndime yanga yofotokoza katumizidwe ka zithunzi kuchokera kumunda, ndime imene ndinaisalaza mpaka kuwala, inali itachoka yonse. M'malo mwake munali mizere inayi yaifupi, ya Chichewa cha kumudzi. Ndinaiwala mlendo, ndinaiwala bwana, ndinaiwala kuti zonse zikuoneka pakhoma. Ndinatsegula mbiri ya fayilo kuti ndione wachita chipongwe chimenechi, ndipo dzina linatuluka lalikulu pakhoma ponse. Anali mnzanga wa ku Tengani, m'mawa wa tsiku lomwelo, pa foni yake, mwina ali m'minibasi.

"Munamupempha kuti akonze?" mlendo uja anandifunsa.

"Ayi," ndinayankha, mawu akutuluka mokalipa kuposa mmene ndinkafunira.

"Anakupemphani chilolezo?"

"Sanandipemphe."

Mayi uja anavula magalasi, anapukuta thukuta, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira. Anatembenukira kwa bwana wathu n'kunena kuti, "Sisitimu ikhala. Ndipo mtsikanayu musamutaye, tidzamufuna akathandize maofesi ena."

Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali ndidakali chiimire, dzanja lili pa mausi, kamuvi kali pa batani lobwezeretsa ndime yanga. Ndinali wokondwa kwambiri, komanso ndinali wokwiya ndithu, ndipo sindinkadziwa kuti ndiyambe chiti. Ndinayang'ana mnzanga uja. Anali atazolika, akuyang'ana zala zake za kuphazi, koma mapewa ake ankagwedezeka ndi kuseka.

"Pepa, m'bale wanga," ananong'ona. "Unalemba za pa laputopu. Kumunda timagwiritsa ntchito foni, batani limenelo kulibe."

Ndinawerenganso mizere yake inayi ija, pang'onopang'ono, anthu onse akundiyang'ana. Ankanena zoona. Masabata onsewo ndinkaphunzitsa anthu kudina batani limene iwo analibe, ndipo panalibe anandiuza. Ndinachotsa dzanja pa mausi, n'kukhala pansi.